Tidziwe za mfundo ya m'ciuno

Ana inu, imirirani nonse. Ikani manja m'ciuno. Tsitsani manjawo pang'ono m'mbali, pamwamba pa nchafu. Tsopano kwezani mwendo umodzi. Uponyeni kutsogolo. Ubwezeni kumbuyo. Utambasulireni kumbali. Kodi mwamva cinthu cikuyenda m'katimo? Pamenepo pali mfundo.

Mfundo ndi malo amene mafupa awiri amakumana. Bondo ndi mfundo. Cigongono ndi mfundo. Zala nazo zili ndi timfundo tating'ono. Munthu wamkulu ali ndi mafupa 206. Mafupa onsewo akadakhala fupa limodzi, sitikadatha kukhala pansi, kuvina, kapena kupita kusukulu. Tikadangoima njii ngati mtengo.

Lero tiphunzira za mfundo ya m'ciuno. Akuluakulu ena amaichula kuti nsukunyu. Pa Cipwitikizi malo amenewa amati anca. Nkhaniyi ndi yaitali. Musaiwerenge tsiku limodzi. Gawo lina muwerenge ndi aphunzitsi, gawo lina mukawerenge kunyumba ndi amayi, abambo kapena agogo.

Mutu wa fupa ndi cikho cake

Fupa la m'nchafu ndilo lalitali kuposa mafupa onse a m'thupi. Kumwamba kwake kuli mutu wobulungira ngati mpira. Mutuwo umalowa m'dzenje la fupa la m'ciuno. Dzenjelo lili ngati cikho.

Tiyeni tiyese. Kungani cibakera ndi dzanja lamanja. Dzanja lamanzere mulipinde ngati mufuna kumwera madzi. Lowetsani cibakera m'dzanja lopindalo. Cizungulizeni. Cikutembenuka mbali zonse, koma sicikutuluka. Umo ndi mmene mwendo wanu umayendera m'ciuno. Bondo silitha kucita zimenezi. Bondo limangopinda ndi kuwongoka, ngati citseko.

Nanga bwanji mafupa awiriwa sakwecesana? Kumbukirani tsiku limene munadya nkhuku. Kumapeto kwa fupa la mwendo kunali kanthu koyera, kosalala, kamene ana amakonda kukukuta. Kameneko ndi cicerewecerewe. Ife tili naconso. Cimakuta mutu wa fupa, cimakutanso m'kati mwa cikho. M'mfundomo mulinso timadzi tolenda ngati therere. Conco mafupa amatsetsereka bwino, popanda phokoso, popanda ululu.

Mfundo imeneyi imagwira nchito yaikulu. Munthu akamayenda, pa phazi lililonse limene waponda, mfundo ya m'ciuno imasenza mtolo woposa kulemera kwa thupi lake kawiri. Ganizirani amayi akucokera kumunda, nkhuni pamutu, mwana kumbuyo, khasu m'manja. Katundu yenseyo amadzera pa kamutu ka fupa kaja.

Cicerewecerewe cikatha

Cicerewecerewe cilibe mitsempha ya magazi. Khungu likacekeka limapola. Fupa likathyoka limalumikizana. Koma cicerewecerewe cikaperepeseka sicimeranso ngati kale. Cili ngati pansi pa nsapato. Cikatha, catha.

Pamenepo fupa limayamba kukhudzana ndi fupa linzake. Munthu amamva kupweteka. Matenda amenewa ndi mtundu umodzi wa nyamakazi, ndipo pa Cipwitikizi amati artrose. Amagwira kwambiri anthu acikulire. Amabweranso msanga kwa munthu wonenepa kwambiri, kwa munthu amene anavulalapo ciuno kale, ndi kwa munthu amene mfundo yake sinaumbike bwino ali mwana.

Ululu wake umamveka pamphecepece, pomwe nchafu imakumana ndi mimba. Nthawi zina umamveka m'thako. Nthawi zina umatsika mpaka m'bondo, moti munthu amadandaula bondo, pamene vuto lili m'ciuno. M'mawa mwendo umakhala wouma. Munthu akayendayenda umamasuka pang'ono. Akayenda ulendo wautali umayambanso kupweteka. Pakapita zaka, kuwerama kumavuta. Agogo amalephera kudziwenga zikhadabo za kumapazi. Amalephera kukwera njinga. Ena amalephera ngakhale kugona, cifukwa ululu umawadzutsa usiku.

Pali mtundu wina wa nyamakazi umene sudikira ukalamba. Pa mtundu umenewu thupi limasokonezeka. Asilikali a m'thupi, amene nchito yawo ndi kumenyana ndi tizirombo, amayamba kumenyana ndi mfundo za mwini wake. Mfundo zimatupa ndi kutentha, makamaka za m'zala ndi m'manja, kumanja ndi kumanzere komwe. Pambuyo pake ciuno naco cingagwidwe. Matendawa amagwira akazi ambiri kuposa amuna. Kucipatala kuli mankhwala amene amawaletsa kuti asawononge mfundo msanga.

Nyamakazi si matenda opatsirana. Mungathe kudya mbale imodzi ndi agogo, mungathe kugona nawo pamphasa imodzi. Sikuti wina wawalodza. Ndipo kutema mphini pa malo opwetekawo sikufika pa fupa. Mfundo ili m'kati, pansi pa mnofu wocindikala. Lumo limangosiya cilonda pakhungu, ndipo likakhala lobwerekana lingabweretse matenda ena.

Mutu wa fupa ukasowa magazi

Fupa ndi lamoyo. Limadya cakudya cimene magazi amabweretsa. Mutu wa fupa la m'nchafu uli ndi timitsempha tocepa cabe toupatsa magazi. Uli ngati dimba limene limamwa madzi a ngalande imodzi. Ngalandeyo ikatsekeka, mbewu zimauma. Timitsempha tija tikatsekeka, mbali ya mutu wa fupa imafa. Kenako imafewa ndi kuphwanyika, ngati dzungu lowola. Mutu umene unali wobulungira umaphwatalala, ndipo suyendanso bwino m'cikho.

Vuto limeneli limagwira anthu amene akadali ndi mphamvu, a zaka 30, 40 kapena 50, makolo amene ali ndi ana kusukulu. Ku Malawi, madokotala a cipatala ca Beit CURE ku Blantyre anayamba m'caka ca 2005 kulemba m'kaundula anthu onse oikidwa mfundo zatsopano. Atawerenga maina a zaka zoyambirira, anapeza kuti ambiri anaikidwa ciuno catsopano cifukwa ca kufa kwa mutu wa fupa. Kumaiko a ku Ulaya sizili conco. Kumeneko ambiri amabwera cifukwa ca nyamakazi ya ukalamba.

Cimatseka timitsemphati n'ciyani? Coyamba ndi kumwa mowa wambiri kwa zaka zambiri. Kacasu amawononga ciwindi, izi ambiri amadziwa. Koma amawononganso ciuno. Cina ndi mankhwala onga prednisolone ndi dexamethasone. Mankhwala amenewa ndi abwino dokotala akawalemba, ndipo amapulumutsa anthu. Koma pali ena amene amawagula pamsika n'kumamwa miyezi ndi miyezi, kuti anenepe kapena kuti thupi lisiye kuphwanya. Makolo, cimeneci n'coopsa. Masaya amatupa, munthu n'kumaoneka ngati wanenepa, pamene m'kati fupa lili kutha.

Palinso matenda a magazi obadwa nawo, amene pa Cipwitikizi amati anemia falciforme. Mwana amadwala matendawa akatengera mbewu yake kwa bambo ndi mayi omwe. Timaselo tofiira ta m'magazi ake timapindika ngati zenga, ndipo timakodwa m'timitsempha tating'ono. Anthu amene ali ndi kacirombo ka HIV nawonso amapezeka ndi vuto la mutu wa fupa kawirikawiri kuposa ena. Koma asataye mtima. Madokotala a ku Blantyre aja anaona kuti odwala amene ali ndi kaciromboka amacira bwino akaikidwa ciuno catsopano.

Mwana akayamba kutsimphina

Gawo ili ndi la makolo, koma ana mumvetsere, cifukwa likunena za inu.

Mwana wothamanga amagwa, amadzuka, n'kutsimphina tsiku limodzi. Zimenezo si zacilendo. Koma mwana akatentha thupi, nakana kuponda pansi, nalira mukamugwedeza mwendo, musadikire mawa. Pitani naye kucipatala tsiku lomwelo. Mwina tizirombo talowa m'mfundo ndipo mwacita mafinya. Mafinya amadya cicerewecerewe m'masiku ocepa okha. Dokotala akawacotsa msanga ndi kupereka mankhwala, mwana amacira. Akacedwa, mwendo umauma kapena kufupika moyo wake wonse. Si kutentha thupi konse kumene kuli malungo. Mukafika kucipatala, nenani za mwendowo, musanene za kutentha kokha.

Cifuwa cacikulu naco sicikhala m'mapapo mokha. Cimatha kulowa m'msana ndi m'ciuno. Ico sicithamanga. Mwana amatsimphina pang'onopang'ono, amaonda, amatuluka thukuta usiku, nchafu yake imacepa. Mankhwala a cifuwa cacikulu amaperekedwa ulere m'zipatala za boma. Kawirikawiri amamwedwa miyezi yosacepera 6, ndipo cikakhala ca m'mafupa nthawi zambiri miyeziyo imaposa pamenepo. Mwana amwe mpaka anamwino atanena kuti basi.

Pali matenda enanso ochedwa Perthes, dzina la dokotala wa ku Germany amene anawafotokoza m'caka ca 1910. Amagwira ana a zaka 4 mpaka 10, makamaka anyamata. Ndiye kuti ana a msinkhu wanu. Mutu wa fupa umasowa magazi kwa kanthawi, n'kufewa. Mwana amatsimphina popanda kutentha thupi, ndipo kawirikawiri amaloza bondo. Cosangalatsa n'cakuti fupa la mwana limameranso. Zimatenga zaka ziwiri kapena kuposa. Nthawi imeneyo dokotala amayang'anira kuti mutuwo umere wobulungira, ndipo angauze mwana kuti ayambe wasiya kudumpha ndi kumenya mpira.

Ana ena amabadwa ndi cikho cosazama, moti mutu wa fupa umatuluka. Apa tiwayamikire amayi athu. Kubereka mwana kumbuyo ndi nsalu, miyendo itatangadza uku ndi uku, kumakhazika mutu wa fupa pakati pa cikho, ndipo cikhoco cimakula bwino. Kumaiko kumene amakulunga makanda zolimba miyendo itawongoka, vutoli limaculuka. Mwambo wobereka ana ndi wofunika kuusunga.

M'kalasi mwanu mungakhale mnzanu wotsimphina. Musamuseke. Musamupatse dzina. Munyamulireni mabuku, ndipo poyenda mudikireni.

Agogo akagwa

Munthu akamakalamba mafupa ake amapepuka. M'kati mwake mumakhala timabowo tambiri, ngati mtengo wofumbwa. Izi zimacitika kwambiri kwa amayi amene anasiya kusamba. Pansi pa mutu wa fupa la m'nchafu pali kakhosi kopyapyala. Agogo akaterereka pamatope, kapena akapunthwa pa khomo usiku, kakhosi kameneka kangathyoke.

Mudzadziwa bwanji? Agogo amalephera kudzuka. Mwendo wovulalawo umaoneka waufupi, ndipo phazi limagwera kunja. Musawakoke mwendo. Musawaimiritse. Musawakhazike pa njinga. Agonekeni pa macila kapena pa citseko, ikani nsalu yopinda pakati pa miyendo, mangani miyendo iwiriyo pamodzi mosalimbitsa, ndipo funani galimoto.

Ena amati, tiwagoneke m'nyumba, fupa lilumikizana lokha. Pa kakhosi aka nthawi zambiri sizitheka, cifukwa pothyoka timitsempha ta magazi tija timaduka. Ndiponso munthu wokalamba akagona masabata ambiri osadzuka amatuluka zilonda kumsana, amadwala cibayo, ndipo magazi amaundana m'miyendo. Zimenezi ndizo zimapha, osati fupa lenilenilo. N'cifukwa cake madokotala amafuna kucita opaleshoni msanga, m'tsiku limodzi kapena awiri ngati n'kotheka, kuti agogo adzuke.

Mafupa amalimba ndi cakudya ndi nchito. Usipa ndi matemba, zimene timadya ndi minga yomwe, zimalimbitsa mafupa. Mkaka, nyemba ndi ndiwo zamasamba monga bonongwe ndi nkhwani zimathandizanso. Kuwala kwa dzuwa nako ndi kofunika. Ana, idyani zimenezi tsopano, pakuti mafupa amamangidwa pa ubwana.

Anthu amene anayesa kupanga ciuno

Kalekale munthu amene ciuno cake catha ankangokhala pakhonde. Madokotala anaganiza kuti, kodi sitingacotse mfundo yakuthayo n'kuikapo ina?

M'caka ca 1891 dokotala wa ku Germany, Themistocles Gluck, anasema mutu wa fupa ndi mnyanga wa njovu. Nzeru yake inali yabwino, koma masiku amenewo kunalibe mankhwala amphamvu opha tizirombo, ndipo mabala ankacita mafinya. M'caka ca 1940, ku America, dokotala Austin Moore anaika mutu wa citsulo. Mtundu wa citsulo umene pambuyo pake unapatsidwa dzina lake unathandiza okalamba ambiri othyoka kakhosi kaja.

Munthu amene anakonza njira imene ikutsatidwa mpaka lero ndi John Charnley wa ku England. Ankagwira nchito pa cipatala ca Wrightington. Iye anaona kuti mfundo yopanga iyenera kuterera ngati yacibadwa. Poyamba anapanga cikho ndi pulasitiki yoterera yochedwa Teflon. Odwala anasangalala, koma patangopita zaka zocepa zikhozo zinaperepeseka, ndipo anayenera kuzicotsa. Sanaleke. M'caka ca 1962 anayesa pulasitiki ina yolimba yochedwa polyethylene. Anaika kamutu ka citsulo kakang'ono, ka mamilimita 22, ndipo anamata zonsezo ku fupa ndi simenti ya mtundu umene madokotala a mano ankagwiritsa nchito. Ulendo uno zinatheka. Anakonzanso cipinda ca opaleshoni ca mpweya wosefa, kuti tizirombo tisagwere pabala. Ankapempha odwala ake kuti akadzamwalira amulole kutenganso mfundozo, kuti aone mmene zathera. Charnley anamwalira m'caka ca 1982.

Opaleshoni imacitika bwanji?

Munthu sayamba ndi opaleshoni. Amayamba kucipatala caching'ono ca kufupi ndi kwawo, centro de saúde. Kumeneko amamupatsa mankhwala ocepetsa ululu, amamuphunzitsa masewero olimbitsa minofu, ndipo ngati ndi wonenepa amamulangiza kuti atsike thupi. Amamuuzanso kuyenda ndi ndodo. Tamverani izi: ndodo imagwiridwa ndi dzanja la mbali imene ili bwino. Ciuno copweteka cikakhala ca kumanja, ndodo ikhale kumanzere. Ambiri amacita mosemphanitsa.

Zimenezi zikalephera, anamwino amalemba kalata yomutumiza kucipatala cokulirapo, monga ca ku Ulónguè, kenako ca cigawo ku Tete kapena ku Lichinga. Kumeneko amajambula mafupa ndi makina a raio-X. Pa cithunzi ca ciuno cabwino pamaoneka kampata pakati pa mutu ndi cikho. Pa ciuno cakutha kampatako palibe. Opaleshoni yoika mfundo yatsopano imacitika m'zipatala zazikulu zokha, zimene zili ndi madokotala a mafupa ndi zipangizo zake. Zipangizozo zimacokera kunja ndipo n'zodula. Conco anthu amadikira, ndipo si onse ofuna amene amapeza. Ici n'cifukwa cina cotengera mwana wotsimphina kucipatala matenda asanakule.

Ana kawirikawiri saikidwa mfundo yopanga, cifukwa mafupa awo akukulabe, pamene citsulo sicikula.

Tsiku la opaleshoni lisanafike amayeza magazi, mtima ndi shuga. Amaonanso ngati munthu ali ndi cilonda kapena dzino lowola, cifukwa tizirombo ta pamenepo tingayende m'magazi n'kukafika pa citsulo. Pa tsikulo wodwala sadya. Amamubaya jekeseni kumsana imene imacititsa dzanzi kuyambira m'ciuno mpaka kumapazi, kapena amamugoneka tulo. Samva kupweteka.

Dokotala amaceka khungu m'mbali mwa ciuno, napatula minofu. Amatulutsa mutu wa fupa m'cikho, naudula. Amapala m'kati mwa cikho kuti mukhale mosalala, naikamo cikho catsopano ca pulasitiki, kapena ca citsulo cokhala ndi pulasitiki m'kati. Fupa la m'nchafu lili ndi mphako pakati, mmene mumakhala mafuta. M'mphakomo amalowetsa citsulo cosongoka, monga mmene khasu limalowera mumpini. Pamwamba pa citsuloco amaika mpira wosalala. Mpirawo umakhala wa citsulo, kapena woumba wolimba kwambiri wonga makapu oyera a tiyi. Zitsulo zina amazimata ndi simenti ya mafupa, imene imauma m'mphindi zocepa. Simenti imeneyi si yomangira nyumba ija! Zitsulo zina zimakhala zokhakhala kunja, ndipo fupa limamera n'kuzigwira lokha. Pomaliza dokotala amabwezera mpira m'cikho, amayesa kupinda mwendo, amaona ngati miyendo yalingana, nasoka bala. Nchito yonse imatenga ora limodzi kapena awiri. Mfundo yopangayi pa Cipwitikizi amati prótese.

Kwa agogo othyoka kakhosi, nthawi zambiri dokotala amasintha mutu wokha. Cikho amacisiya, cifukwa cikadali cabwino.

Kodi citsuloco cimacita dzimbiri? Iyayi. Si citsulo ca makasu. Ndi zitsulo zapadera, monga titanium, zimene thupi silizikana. Kodi cimakhala mpaka liti? M'caka ca 2019 akatswiri a ku Britain anawerenga zolembedwa za odwala ambirimbiri. Anapeza kuti pa mfundo 100 zilizonse, pafupifupi 89 zinali kugwirabe nchito patatha zaka 15, ndipo pafupifupi 58 patatha zaka 25. Ndiye kuti munthu woikidwa ali ndi zaka 70 mwina sadzafunanso ina. Koma woikidwa ali ndi zaka 35 angadzabwererenso kuti akamusinthire, ndipo opaleshoni yaciwiri imakhala yovuta kuposa yoyamba.

Wodwala akabwera kunyumba

Mungadabwe kumva kuti wodwala amaimirira tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake. Amagwira ndodo ziwiri za m'khwapa, naponda pang'ono. Kuyenda msanga kumathandiza kuti magazi asaundane. Ulusi wa pabala amaucotsa pakatha masabata awiri. Ndodo amayenda nazo mwezi umodzi kapena kuposerapo. Mphamvu zimabwerera pang'onopang'ono, pa miyezi itatu, kwa ena mpaka caka.

M'miyezi yoyamba minofu imakhala isanalimbe, ndipo mpira ungatuluke m'cikho. Dokotala amanena zoyenera kupewa, malinga ndi mbali imene anaceka. Kawirikawiri amati: osapingasa miyendo, osapotolera phazi m'kati, osawerama kutola cinthu pansi, ndiponso osakhala pamalo pamene mawondo akwera kuposa ciuno.

Lamulo lomalizali ndilo lovuta kwathu kuno. Ife timakhala pamphasa. Timaphika pa mafuwa titawerama. Timagona pansi. Kucimbudzi timanjuta. Zonsezi zimapinda ciuno kwambiri. Conco banja likonzekere wodwala asanatuluke m'cipatala. Pakhale mpando wautali wolimba. Pakhale bedi, ngakhale la mitengo ndi nsungwi, lofika m'mawondo. Pa cimbudzi muike mpando wobooka pakati, ndipo m'mbali mukhome mtengo wogwirira. Njira yopita kucimbudziko isalazidwe, ndipo usiku pakhale nyali. Pogona, wodwala aike pilo kapena nsalu yopinda pakati pa miyendo.

Ana muli ndi nchito yanu. Cotsani miyala, zitsononkho ndi zoseweretsa panjira. Agogo akagwetsa cinthu, tolani ndinu. Athandizeni kuvala nsapato. Pingitsani mbuzi ndi agalu kuti zisawapinge miyendo. Akamacita masewero amene anawaphunzitsa kucipatala, awerengereni mokweza: cimodzi, ziwiri, zitatu, mpaka khumi. Mawa muwerenge pa Cipwitikizi: um, dois, três. Musakwere pamiyendo pawo mpaka atanena okha.

Makolo, yang'anirani bala tsiku lililonse, ndipo musapakepo phulusa, mafuta kapena masamba. Bala likafiira, likatupa, likatuluka madzi kapena mafinya, kapena wodwala akatentha thupi, bwererani kucipatala. Katumba akatupa ndi kupweteka, mwina magazi aundana. Wodwala akayamba kubanika kapena kumva kupweteka pacifuwa, thamangani nayeni nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Akamva kuti khu m'ciuno, mwendo n'kufupika, naye n'kulephera kuponda, ndiye kuti mpira watuluka. Musayese kuubwezera. Dokotala ndiye amaubwezera, wodwala atapatsidwa mankhwala oletsa ululu.

Akacira, munthu amayenda ulendo wopita kumsika, amakwera njinga, amagwira nchito zopepuka za kumunda. Kudumpha, kuthamanga kwambiri ndi kusenza matumba a cimanga n'zimene zimatha mfundoyo msanga. Za kulima ndi khasu lalifupi ndi za kukhala pamphasa, afunse dokotala amene anamucita opaleshoni, cifukwa yankho limasiyana munthu ndi munthu. Nthawi zina mwendo umodzi umatalika pang'ono kuposa unzake. Wosoka nsapato angawonjezere kacidutswa pansi pa nsapato ya mwendo waufupiwo.

Nchito ya kunyumba

Pemphani munthu wamkulu kuti aimirire pafupi ndi mipando ya kwanu. Yang'anani pamene pali bondo lake. Mpando wofika pa bondo kapena kupitirira ndi woyenera munthu wa ciuno catsopano. Mpando wosafika pa bondo ndi waufupi. Werengani mipando yaitali ndi yaifupi. Jambulani umodzi m'kope mwanu, ndipo mawa mudzauze aphunzitsi kuti mwapeza ingati.